Wosuma nayenso amafunsidwa mlandu usanalowe m'khoti

Anthu ambiri a kwathu amene tikukhala nawo kuno ku Harare amaganiza kuti munthu akakasumira mnzake ku khoti ndiye kuti mbali yake watha, ndipo chotsala n'chakuti wosumiridwayo atuluke thukuta poyankha. Maganizo amenewa sanachokere kutali, chifukwa pabwalo la mfumu wodandaula amafotokoza chimene chamupweteka, wodandaulidwa amayankha, mboni zimalankhula, ndipo zonsezi zimatha tsiku limodzi anthu akumva. Makhoti a boma sayenda motero pa milandu ya ngongole, ya mapangano osweka ndi ya chipepeso. Kumeneko nkhani imayamba yakonzedwa pa mapepala kwa miyezi ingapo woweruza asanaone nkhope ya aliyense, ndipo kawirikawiri munthu woyamba kupanikizidwa ndi mafunso amakhala wosuma yemweyo.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya m'tauni muno, yolemba makalata ndi kusunga mafayilo. Sindine loya, koma mapepala a mafunso amenewa amadutsa m'manja mwanga nthawi ndi nthawi, ndipo ena amandipeza nawo tikaweruka ku tchalitchi kuti ndiwawerengere. Maganizo anga ndi akuti mafunso amene wosumiridwa amatumiza kwa wosuma ndi achilungamo, ngakhale amawawa, ndipo munthu amene sangathe kuwayankha ndiye kuti anafulumira kupita ku khoti nkhani yake isanakhwime.

Kumene mafunso otere anakhazikika kwambiri ndi ku America, ndipo ndiyambira kumeneko chifukwa abale athu amene ali ku Indiana, ku Texas ndi madera ena amatitumizira zithunzi za mapepalawa pa WhatsApp ali ndi mantha. Makhoti a boma lalikulu la dzikolo amatsata malamulo otchedwa Federal Rules of Civil Procedure, amene anayamba kugwira ntchito mu 1938, ndipo lamulo la nambala 33 ndilo limanena za mafunso olembedwa amene iwo amawatcha interrogatories. Mbali iliyonse ya mlandu ili ndi ufulu wotumiza mafunso osapitirira 25 kwa inzake, pokhapokha khoti litaloleza ochulukirapo kapena mbali ziwirizo zitagwirizana, ndipo malire amenewa anaikidwa mu 1993 ataona kuti maloya ena ankatumiza mafunso ankhaninkhani pofuna kungotopetsa mnzawo. Wolandira mafunso ali ndi masiku 30 oti ayankhe, funso lililonse palokha, molemba ndiponso molumbira. Mayankho amasainidwa ndi mwini mlandu, pomwe zifukwa zokanira kuyankha zimasainidwa ndi loya wake. Mafunsowa amapita kwa eni mlandu okha, osati kwa mboni. Makhoti a zigawo ali ndi malamulo awoawo. Ku California, mwachitsanzo, malire a mafunso odzilembera ndi 35, ndipo kulinso mafomu a mafunso osindikizidwa kale amene loya amangochonga.

Tiyerekeze kuti mwana wa mlongo wanu wagundidwa ndi galimoto kumeneko ndipo wasumira woyendetsa kuti amulipire chipepeso. Loya wa wosumiridwa, amene kawirikawiri amalipidwa ndi kampani ya inshuwalansi, adzafunsa mayina onse amene wosumayo wakhala akudziwika nawo, kumene wakhala akugona ndi kugwira ntchito zaka zapitazo, malipiro ake, madokotala ndi zipatala zonse zimene zinamuona, ndiponso ngati msana umene akuti unavulalawo sunayambe wamupwetekapo kale. Adzafunsa ngati anamwa mowa kapena mankhwala tsiku langozi lisanafike, ngati anasumirapo munthu wina m'mbuyomu, mayina a anthu amene anaona ngoziyo, ndi mmene wawerengetsera ndalama zimene akufuna. Kwa munthu wovulala, mafunso amenewa amamveka ngati chipongwe. Komabe lililonse lili ndi kumene likulowera. Munthu amene akuuzidwa kuti alipire chifukwa cha msana wothyoka ayenera kudziwa ngati msanawo unathyoka tsiku limenelo, ndipo amene akuuzidwa kuti abweze malipiro otayika ayenera kuona kuti malipirowo anali angati. Yankho lolumbirira limamumanga woyankhayo, chifukwa akadzanena zosiyana pamaso pa woweruza, loya wa mbali inayo adzangotulutsa pepalalo n'kumuwerengera mawu ake omwe. Lamulo la nambala 26 limalamulanso kuti munthu akazindikira kuti yankho lake linali loperewera kapena lolakwika alikonze yekha, ndipo la nambala 37 limapatsa khoti mphamvu yokakamiza wokana kuyankha, kumulipiritsa, ngakhale kuthetseratu mlandu wake.

Si chilichonse chimene chingafunsidwe. Mu 1943 boti lokoka zombo lotchedwa J. M. Taylor linamira mu mtsinje wa Delaware, ndipo anthu 5 mwa 9 amene ankagwira ntchito m'botimo anafa. Loya wa eni boti anayenda mwamsanga kukacheza ndi opulumuka n'kulemba zimene anamuuza. Mlandu utayamba, mbali ya banja la mmodzi wa omwalirawo inatumiza mafunso 39, ndipo funso la nambala 38 linkafuna zonse zimene loyayo analemba ndi kumva. Iye anakana, nkhani inakwera mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo mu 1947, pa mlandu wa Hickman ndi Taylor, oweruza anagamula kuti zimene loya wasonkhanitsa ndi kuganiza pokonzekera mlandu sizitengedwa wamba popanda chifukwa chomveka. Pa mlanduwo wofunsa anali wosuma, koma chitetezocho chimagwira mbali zonse ziwiri. Wosumiridwa angafunse zimene zinachitika, koma sangafunse zimene wosuma anakambirana ndi loya wake m'chipinda.

Ku England, kumene mafunso otere anakulira m'makhoti akale a Chancery, anasintha dongosolo lawo mu 1999 potsatira malangizo a woweruza wina wotchuka, Lord Woolf, ndipo tsopano mbali imodzi imangopempha inzake kuti ifotokoze bwino mfundo imene sikumveka, pansi pa gawo la 18 la malamulo awo.

Kuno ku Zimbabwe mizu ya malamulo ndi ina. Dziko lino linatengera malamulo a Chiroma ndi Chidatchi amene ankagwira ntchito ku Cape of Good Hope pa 10 June 1891, choncho kayendetsedwe ka milandu kamafanana kwambiri ndi ka ku South Africa kusiyana ndi ka ku America. Bwalo lalikulu, lija lili mu msewu wa Samora Machel, limatsata malamulo a 2021 amene analowa m'malo mwa a 1971. Munthu akalandira chisamani cha bwalo limeneli amakhala ndi masiku 10 oti adziwitse khoti kuti mlanduwo aukana, ndipo akangokhala chete chigamulo chimatha kuperekedwa iye kulibe. Akatero, asanalembe yankho lake, loya wake amatha kutumiza pepala limene m'maofesi timangolitcha further particulars, lopempha wosuma kuti afotokoze mwatsatanetsatane mfundo zimene wazilemba mwachidule kapena mozungulira. Njira yofanana nayo ilinso ku bwalo la majisitireti. Pepala limeneli ndilo m'bale wa mafunso a ku America aja, koma mphamvu zake n'zochepa. Mayankho ake amalembedwa ndi kusainidwa ndi loya, salumbiriridwa, ndipo oweruza amaumirira kuti wosumiridwa afunse zokhazo zimene zingamuthandize kudziwa mlandu umene akuyankha, osati umboni umene wosuma adzabweretse. Ngakhale zili choncho, zimene wosuma wayankha zimakhala mbali ya mapepala a mlandu wake, ndipo sangadzazisinthe pa tsiku lozenga popanda kupempha khoti.

Bambo wina wachikulire wa ku Dzivarasekwa, mmisiri womanga nyumba amene makolo ake anabwera kuno nthawi ya Nyasaland, anandipeza panja pa tchalitchi ndi envulopu yopindidwa pawiri. Anali atasumira mwini nyumba ina imene anamanga, chifukwa cha ndalama zotsala, ndipo loya wa mwini nyumbayo anali atatumiza mafunso. Manja awo ankanjenjemera ndi mkwiyo.

"Mwana wanga, taona izi. Thukuta langa adya ndi iwowo, ndiye lero wofunsidwa ndikhale ine?"

"Pepani bambo, tiyeni tikhale pansi tiwerenge limodzi. Sakukuimbani mlandu ayi, akufuna mufotokoze zimene mwalemba."

Mafunsowo sanali ambiri. Loyayo ankafuna kudziwa ngati panganolo linali lolembedwa kapena lapakamwa, ndipo ngati linali lapakamwa, linapanganidwa liti, kuti, ndiponso pakati pa ndani ndi ndani. Ankafuna kudziwa mtundu wa ndalama zimene anagwirizana, ndalama zimene zinaperekedwa kale pamodzi ndi masiku ake, tsiku limene ntchito inatha, ndi mmene chiwerengero chimene chinali pa chisamani chinapezekera. Nditawafunsa bambowo za tsiku la pangano anayankha kuti inali nthawi ya matenda aja, mvula itangoyamba. Nditawafunsa za ndalama anati anagwirizana madola, ndipo anandiyang'ana modabwa nditafunsanso kuti madola ake ati.

Tinapita kunyumba kwawo, ndipo mayi a m'nyumbamo anatulutsa chikwama chachikale pansi pa bedi. Munali kope la sukulu lodetsedwa ndi simenti, mmene bambowo ankalemba matumba, njerwa ndi malipiro a anyamata owathandiza, malisiti ofufutika a ku sitolo ya zipangizo, ndi foni yakale yosweka galasi imene inali ikadali ndi mauthenga a EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni. Mwana wawo wamkazi anapeza mu foni yake chithunzi cha nyumbayo tsiku limene anakhoma malata, ndipo chithunzicho chinali ndi deti. Pofika madzulo zinaoneka kuti pangano linachitika mu 2021, kuti mtengo unatchulidwa m'madola a ku America, ndiponso kuti panali ndalama zina zimene mwini nyumba anatumiza kudzera kwa mkamwini wawo, zimene bambowo anali ataziiwala. Ngongole inatsika, ndipo iwo sanakondwe nazo. Koma m'foni yakale ija munapezekanso uthenga wa m'Chishona wa mu 2023, mmene mwini nyumba ankapepesa n'kulonjeza kuti amaliza kulipira mwezi wotsatira. Loya wawo ataona uthengawo anasangalala kuposa mmene anachitira ndi kope lonse lija, ndipo mlanduwo unatha mwa kugwirizana kuti ndalama ziziperekedwa pang'onopang'ono, usanafike pozengedwa.

Chimene chinamusangalatsa loyayo n'chimene anthu athu ambiri sachidziwa. Kwathu timati mlandu suola, koma m'malamulo a dziko lino ngongole wamba imaola. Lamulo lotchedwa Prescription Act limati ngongole yotere imafa pakatha zaka 3 kuchokera pamene inayenera kulipidwa, ngati mwini wake sanakasume. Nthawiyo imadukizidwa wangongole akavomereza kuti ngongoleyo ilipo, ndipo kuwerenga kumayambiranso pamenepo. Khoti silidzutsa lokha nkhani imeneyi, amayenera kuitchula ndi wosumiridwa. N'chifukwa chake funso looneka lozizira lakuti ntchito inatha tsiku liti limakhala loopsa kuposa ena onse. Loya wa mwini nyumba sankafunsa pofuna kucheza. Ankafufuza ngati zaka 3 zinali zitadutsa kuti mlandu wonse augwetse ndi mfundo imodzi, ndipo ukanapanda uthenga wa 2023 uja akanatha kutero.

Funso la mtundu wa ndalama nalonso lili ndi mbiri yake yowawa. Dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America ndi ndalama zina zakunja mu 2009, mu 2016 kunabwera mabondi, mu 2019 kunabwera dola ya RTGS, ndipo mu April 2024 kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG. Lamulo la boma la Zimbabwe la nambala 33 la mu 2019 linati ngongole zambiri za m'dziko muno zimene zinali m'madola a ku America pofika pa 22 February chaka chimenecho ziwerengedwe ngati madola a RTGS, imodzi kwa imodzi. Mu January 2020 bwalo la apilo, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Luke Malaba, linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa kampani ya Zambezi Gas ndi ya N. R. Barber, pamene ngongole ya madola a ku America pafupifupi 4 miliyoni inaloledwa kubwezedwa m'ndalama ya m'dziko imene mphamvu yake inali itatsika kale kwambiri. Chichokereni nthawi imeneyo, loya aliyense wa wosumiridwa amene akudziwa ntchito yake amafunsa kuti ngongole inabadwa liti ndiponso m'ndalama yanji, chifukwa mayankho awiriwo amatha kusintha mtengo wa mlandu wonse. Anthu a m'masosaite a maliro ndi m'magulu osungitsana ndalama, amene amakongozana pongokhulupirirana, ndiwo amavutika kwambiri ndi mafunso amenewa, popeza kope la msungichuma nthawi zambiri limangolemba chiwerengero popanda kutchula mtundu wa ndalamayo.

Mapepala a mbali zonse akatsekedwa pamabwera gawo lina limene maloya amalitcha discovery, ndipo apa ndi pamene lumbiro limalowa. Mbali iliyonse imalemba mndandanda wa zikalata zonse zokhudza mlanduwo zimene ili nazo kapena inali nazo, n'kulumbira pamaso pa wolumbiritsa kuti palibe chimene yabisa. Anthu amadabwa akamva kuti ayenera kutchula ngakhale kalata imene ikuwatsutsa, koma lamulo ndi limenelo, ndipo chikalata chimene munthu sanachitchule sangadzachigwiritse ntchito pozenga popanda chilolezo cha khoti. Kunama pa chikalata cholumbirira ndi mlandu waupandu pawokha. Pambuyo pake mbali ziwirizo zimakumana pamaso pa woweruza kuti zigwirizane mfundo zimene zikutsutsanadi, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo chifukwa aliyense amakhala ataona kale mphamvu ndi kufooka kwa mnzake.

Sindikunena kuti njira imeneyi ilibe chinyengo. Ndaonapo mapepala a mafunso amene cholinga chake chinali kungogula nthawi, ofunsa zinthu zimene wosumiridwayo ankazidziwa bwino kuposa wosuma, monga tsiku limene iye mwini analandira katundu. Wosuma akayankha, pamabwera pepala lachiwiri lofuna kuti afotokozenso bwino, ndipo akakana, pamabwera pempho la ku khoti lomukakamiza. Pepala lililonse ndi ndalama kwa loya, ndipo m'dziko limene ndalama imatha mphamvu mwezi ndi mwezi, wangongole amene wachedwetsa mlandu chaka chimodzi amakhala atapindula ngakhale adzagonje. Kampani yaikulu imapirira zimenezi mosavuta, pamene mayi wogulitsa ku Mbare Musika amatopa n'kuusiya mlandu panjira. Ku America anayesa kuchepetsa vuto lomweli mu 2015 polimbikitsa mfundo yakuti zofunsidwa zilingane ndi kukula kwa mlandu. Kuno chitetezo chachikulu ndi woweruza amene amakana mafunso ongofufuza mwachisawawa n'kulamula kuti wochedwetsayo alipire zimene mnzake waononga. Amene alibe ndalama za loya angayambe wafika ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation, ndipo ngongole zing'onozing'ono zili ndi khoti lake la Small Claims, kumene anthu amadziyankhulira okha popanda mapepala ambirimbiriwa.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene imandikhudza kwambiri. Malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa tsiku lozenga munthu amatha kupempha womasulira. Koma mafunso ndi mayankho onse a mlandu usanayambe amalembedwa m'Chingerezi, ndipo pa nthawi imeneyo womasulira wa khoti palibe. Nkhalamba imafotokoza m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona, mdzukulu amamasulira mmene wamvera, kalaliki amalemba, loya amakonza, ndipo pepala limene latuluka limatha kunena tsiku kapena chiwerengero chimene mwini wake sanatsimikize. Kuyambira pamene makhoti anayamba kulandira mapepala pa intaneti mu 2022, zinthu zimayenda mofulumira, koma mwini mlandu amene alibe kompyuta watalikirana nawo kwambiri mapepala ake. Ine ndimaumirira kuti yankho lililonse liwerengedwe mokweza kwa mwini wake m'chilankhulo chake lisanatumizidwe, ndipo pamene akukayika tilembe kuti ndi pafupifupi mwezi wakutiwakuti, m'malo momupangira deti loti pepala lioneke laukhondo.

Akanandifunsa amene amalemba malamulo a makhoti, ndikanapempha kuti atengeko chinthu chimodzi ku America n'kusiya zinazo. Ndikanakonda kuti mbali iliyonse iloledwe mafunso ochepa, owerengeka ndithu, amene mwini mlandu aziyankha yekha molumbira, m'chilankhulo chilichonse mwa 16 zija, womasulira wovomerezeka n'kusaina pambali pake. Mafunso akakhala ochepa loya amakakamizika kusankha okhawo ofunika, ndipo mpata wochedwetsa mlandu ndi mapepala obwerezabwereza umachepa. Lumbiro likanachititsa kuti wosuma amene wakweza chiwerengero mwadala aganize kawiri, komanso kuti wosumiridwa amene akudziwa kuti ngongole ilipo asabisale kumbuyo kwa loya wake, popeza mafunso omwewo akanabwereranso kwa iye.